Ludzu la Dala: Chikhodzodzo cha Amayi ndi Maulendo a ku Chiuta

Kusanache, pamadoko a nyanja ya Chiuta monga Dinji ndi Njerwa, amayi ogula nsomba amakhala atamanga kale madengu awo a makumba, milamba ndi matemba. Wina akawapatsa tiyi amakana. Thobwa nalonso amalikana. Sikuti alibe ludzu ayi, koma akuwerengera njira: kabaza mpaka kumsewu waukulu, minibasi yodzaza kudzera pa Nselema kapena pa Ntaja, kudikira kuti galimoto idzaze pa Liwonde, ndipo kwa ena ulendo umapitirira kuwoloka Shire mpaka ku Balaka. Mayi akudziwa kuti m'njira yonseyi sadzapeza malo odalirika otayira madzi, choncho amasankha kuuma kukhosi tsiku lonse.

Chimodzimodzinso mayi woyembekezera amene watumizidwa ku chipatala chachikulu cha boma la Machinga pa Liwonde, gogo wopita kumaliro, ndi mtsikana wobwerera kusukulu pa sitima yochokera ku Nayuchi. Abambo akapanikizika amatsika n'kutembenukira kumtengo, nkhani yatha. Amayi sangatero. Nkhaniyi siikambidwa pabwalo la mfumu kapena pamsonkhano wa chitukuko, chifukwa imaoneka ngati yochititsa manyazi. Komatu ikukhudza thanzi, malonda ndi ulemu wa theka la anthu a m'wodi iliyonse. M'nkhani ino tifotokoza mmene chikhodzodzo chimagwirira ntchito, mavuto amene amachigwera, zimene mayi angachite paulendo, ndi gawo la makomiti athu a chitukuko.

Mmene chikhodzodzo chimagwirira ntchito

Impso ziwiri zimasefa magazi usana ndi usiku, ndipo kwa munthu wamkulu zimapanga mkodzo wokwana lita imodzi kapena awiri patsiku. Mkodzowo umatsika pang'onopang'ono kupita m'chikhodzodzo, lomwe ndi thumba la mnofu lokhala m'munsi mwa mchombo, kutsogolo kwa chiberekero. Thumbali limatha kusunga pafupifupi theka la lita. Likafika pakati, mitsempha imatumiza uthenga kuubongo, munthu n'kumva kuti akufuna kutaya madzi. Uthenga woyambawu ndi chenjezo chabe; munthu wathanzi amatha kudikira kanthawi popanda vuto.

Chimene chimatseka khomo kuti mkodzo usatuluke wokha ndi minofu ya pansi pa chiuno. Minofuyi inayalidwa ngati chitenje chomangidwa mbali zonse, ndipo imanyamula chikhodzodzo, chiberekero ndi matumbo. Pakati, kubereka kawirikawiri, kusenza katundu wolemera zaka zambiri, chifuwa chosatha ndi kudzimbidwa zimaikoka minofuyi mpaka kufooka.

Pali kusiyana kumodzi kofunika pakati pa amayi ndi abambo. Njira yotulutsira mkodzo ya mayi ndi yaifupi, pafupifupi masentimita 4 okha, pamene ya bambo imafika masentimita 20. Njira ya mayiyo ilinso pafupi ndi kotulukira chimbudzi. N'chifukwa chake tizilombo ta m'matumbo timafika mosavuta m'chikhodzodzo cha mayi, ndipo pafupifupi theka la amayi onse amadwalapo matenda a m'chikhodzodzo pa moyo wawo. Si uve, ndiponso si chizindikiro cha khalidwe loipa; ndi mmene thupi linapangidwira.

Mayi wathanzi amene akumwa madzi okwanira amataya madzi pafupifupi kasanu ndi kamodzi kufikira kasanu ndi katatu patsiku, kutanthauza maola atatu kapena anayi aliwonse. Tsono yerekezani ndi ulendo umene umayamba mbandakucha n'kutha dzuwa litapendeka.

Mtengo wa kudzimana madzi

Kusunga mkodzo kamodzi pakanthawi sikupha. Chovuta ndi chizolowezi. Mkodzo ukamatuluka umakokolola tizilombo tomwe tinalowa m'njira yake, monga mmene madzi oyenda amatsukira ngalande. Ukakhala maola ambiri m'chikhodzodzo, tizilomboto timapeza mpata woswana. Mayi akamachita zimenezi sabata ndi sabata pa masiku a msika, amadzitsegulira khomo la matenda obwerezabwereza.

Kudzimana madzi kumawonjezera vutoli. Mkodzo umachepa, umada ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo umanunkha kwambiri. Mkodzo wokhathamira chotere umanyerenyetsa khoma la chikhodzodzo, moti mayi amamva kupanikizika ngakhale muli mkodzo wochepa. Apa ndiye pali msampha: wadzimana madzi kuti asafune chimbudzi, koma mapeto ake akuchifuna pafupipafupi, n'kumatulutsa timadontho towotcha. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, pamene chigwa cha Liwonde ndi Balaka chimawotcha ngati ng'anjo, kusamwa madzi kumabweretsanso litsipa, chizungulire ndi kudzimbidwa, ndipo kwa ena kumathandiza kuti timiyala tipangike mu impso. Kwa mayi woyamwitsa kapena woyembekezera, thupi limafuna madzi ochuluka kuposa masiku onse.

Umboni wa ubwino wa madzi ulipo. Kafukufuku amene anachitikira ku Bulgaria n'kufalitsidwa mu 2018 anatsatira amayi 140 omwe ankadwaladwala matenda a m'chikhodzodzo komanso ankamwa madzi ochepa. Theka la iwo anauzidwa kuwonjezera lita imodzi ndi theka ya madzi patsiku. Chaka chitatha, amayi omwa madzi ambiriwo anadwala pafupifupi theka chabe la maulendo amene anzawo anadwala.

Muyezo wosavuta ndi mtundu wa mkodzo wanu. Ukakhala wachikasu chowala ngati udzu wouma, madzi akukwana. Ukada, imwani. Amene akusala kudya m'mwezi wa Ramadan ayesetse kumwa madzi okwanira pomasula ndiponso pa daku, makamaka ngati mawa lake kuli ulendo.

Mkodzo ukayamba kuwotcha

Zizindikiro za matenda a m'chikhodzodzo ndi izi: kumva kuwotcha pokodza, kufuna kukodza pafupipafupi koma kutuluka pang'ono, kupweteka pachinena, ndi mkodzo wa mbuu kapena wonunkha. Matendawa amachizika m'masiku ochepa ngati munthu walandira mankhwala oyenera kuchipatala.

Akalekereredwa, tizilombo timatha kukwera mpaka ku impso. Pamenepo thupi limatentha, munthu amanjenjemera, amasanza, ndipo amamva kupweteka m'mbali mwa msana, pansi pa nthiti. Ambiri amaganiza kuti ndi malungo n'kuyamba kumwa mankhwala a malungo kunyumba, matenda enieni akukula. Mukapita kuchipatala ndi thupi lotentha, uzani dokotala ngati mkodzo ukuwotchanso, ngakhale asanakufunseni. Mawu amodzi amenewo amatha kusintha chithandizo chonse.

Mayi woyembekezera asadikire ngakhale tsiku limodzi. Matenda a mkodzo pa nthawi ya pakati amatha kuyambitsa matenda a uchembere masiku asanakwane, kapena kuchititsa kuti mwana abadwe wochepa thupi. Nthawi zina tizilombo timakhalamo popanda chizindikiro chilichonse, n'chifukwa chake kuyezetsa mkodzo kusikelo kuli kofunika pamene mwayi ulipo.

Tikuchenjezanso za makapusozi ogula pamsika kapena paokala. Kumwa awiri lero, awiri mawa, n'kusiya ululu ukachepa, kumangozoloweretsa tizilombo mankhwalawo, moti tsiku limene mudzawafunedi sadzagwiranso ntchito. Mankhwala amene mwapatsidwa kuchipatala amalizeni onse. Ndipo ngati mukukodza kwambiri usana ndi usiku, ludzu losatha, thupi likutsika, pemphani kuti akuyezeni matenda a shuga.

Likodzo: vuto la ife a m'mbali mwa nyanja

Kwa anthu a ku Chiuta, ku Chilwa ndi m'mbali mwa Shire, nkhani ya chikhodzodzo siingathe osatchula likodzo. Nyongolotsi zake zinapezeka koyamba mu 1851 ndi dokotala wa ku Germany, Theodor Bilharz, mumzinda wa Cairo, koma makolo athu analidziwa kale ndi chizindikiro chake: magazi otuluka kumapeto kwa mkodzo.

Kayendedwe kake n'kofunika kukamvetsa. Munthu wodwala akakodzera m'nyanja, m'dambo kapena m'munda wa mpunga, mazira a nyongolotsi amatuluka ndi mkodzo n'kuswa m'madzimo. Tizilomboto timalowa mu nkhono za m'madzi, timaswana, kenaka timatuluka n'kuboola khungu la aliyense amene waponda m'madziwo: wochapa, wotsuka nsomba, wowokera mpunga, mwana wosambira. M'thupi timakula n'kukhazikika m'mitsempha ya magazi yozungulira chikhodzodzo, ndipo mazira ake amasiya zilonda pakhoma lake. Chiuta ndi nyanja yosazama, yodzala mabango ndi udzu, malo amene nkhonozi zimakonda.

Apa mpamene nkhani ya ulendo imakumana ndi nkhani ya matenda. Pa doko popanda chimbudzi, munthu wopanikizika amabisala m'mabango a m'mphepete mwa madzi, pomwe mawa mnzake adzatsukirapo nsomba. Chimbudzi chimodzi chabwino padoko chimadula unyolo umenewu.

Kwa amayi, mazira a likodzo amathanso kukhazikika m'njira yoberekera ndi pakhomo la chiberekero. Zotsatira zake ndi kuyabwa, chikazi chachilendo, kupweteka kapena kutuluka magazi pokhala malo amodzi ndi bambo, ndipo nthawi zina kuvutika kutenga pakati. Zizindikirozi zimafanana ndi za matenda opatsirana pogonana, moti mayi wosalakwa amatha kunamiziridwa chigololo m'banja, n'kumalandira mankhwala osayenera mobwerezabwereza. Zilondazo zimawonjezeranso mpata wotenga kachilombo ka HIV. Choncho pofotokoza vuto lanu kuchipatala, nenani kuti mumagwira ntchito m'madzi a nyanja. Mankhwala a likodzo ndi praziquantel, amene amaperekedwa molingana ndi msinkhu kapena kulemera kwa munthu, ndipo amamwedwa mutadya. Sateteza kuti musadzatengenso, n'chifukwa chake amagawidwa mobwereza m'masukulu ndi m'midzi. Akafika kwanu, akuluakulu musawaone ngati a ana okha. Magazi mumkodzo, pa msinkhu uliwonse, ndi chifukwa chokwanira chopitira kuchipatala, popeza likodzo la zaka zambiri limatha kuwononga impso ndiponso kuyambitsa khansa ya chikhodzodzo.

Mkodzo wothawa wokha

Amayi ambiri amene amaopa ulendo ali ndi chinsinsi chimene sanauzepo ngakhale mchemwali wawo: mkodzo umawathawa. Vutoli lili m'mitundu ingapo, ndipo kudziwa mtundu wake ndi chiyambi cha chithandizo.

Mtundu woyamba ndi wa timadontho totuluka pokhosomola, poyetsemula, poseka, potukula dengu, kapena njinga yamoto ikagunda dzenje. Gwero lake ndi kufooka kwa minofu ya pansi pa chiuno ija. Umakonda amayi amene abereka kangapo ndi amene anasiya kusamba.

Mtundu wachiwiri ndi wa kupanikizika kwadzidzidzi. Mayi amakhala bwinobwino, mwadzidzidzi n'kumva kuti sangadikire ngakhale mphindi imodzi, ndipo nthawi zina amalephera kufika kuchimbudzi. Apa chikhodzodzo chimadzifinya chisanadzaze. Tiyi wambiri, khofi, zakumwa za gasi ndi mowa zimakulitsa vutoli. Amayi ena amakhala ndi mitundu iwiri yonseyi.

Pa mitundu iwiriyi pali chithandizo chosalira ndalama, chomwe ndi kulimbitsa minofu ija. Njirayi inatchuka ndi dokotala wa ku America, Arnold Kegel, mu 1948. Finyani minofu ya kumusi ngati mukuletsa mpweya woipa kutuluka pagulu, n'kuikokera m'mwamba. Gwirani mukuwerenga mpaka 5, masulani mukuwerenganso mpaka 5, ndipo bwerezani kakhumi. Chitani zimenezi katatu patsiku. Musaumitse mimba, ntchafu kapena matako, ndipo musagwire mpweya. Mukazolowera, onjezani kuwerenga mpaka 10. Mungathe kuchita muli pamphasa mukusankha mpunga, kapena muli m'minibasi, popanda wina kudziwa. Musachite izi pamene mukukodza, chifukwa kudula mkodzo panjira kawirikawiri kumasokoneza chikhodzodzo. Kusintha kumaoneka pakatha miyezi itatu ya khama, choncho musagwe ulesi sabata yoyamba.

Mtundu wachitatu ndi wosiyana kotheratu. Ngati mkodzo ukungotuluka usana ndi usiku osaleka, ndipo zinayamba mayi atavutika nthawi yaitali pobereka, imeneyo ikhoza kukhala fistula. Mutu wa mwana ukapanikiza chikhodzodzo pafupa la chiuno kwa maola ambiri, mnofu wa pamenepo umafa n'kusiya bowo pakati pa chikhodzodzo ndi njira yoberekera. Si ufiti, si tsoka lobwera chifukwa cha kusakhulupirika, ndipo mankhwala azitsamba sangatseke bowolo. Limatsekedwa ndi opaleshoni, ndipo amayi ambiri amachira. Ku chipatala cha Bwaila mumzinda wa Lilongwe kuli malo apadera othandizira amayi a fistula, amene anatsegulidwa mu 2012 mothandizidwa ndi bungwe la Freedom from Fistula Foundation, ndipo chithandizo chake n'chaulere. Poyambira ndi pachipatala chaching'ono cha kwanu, chomwe chidzakutumizani koyenera.

Tangoganizani mayi wotere, amene akufunika kuyenda kuchokera kwa Ngokwe kapena kwa Chikweo mpaka ku Lilongwe, pamene chimene amaopa kwambiri pamoyo wake ndi kukhala pampando umodzi ndi anthu ena m'galimoto. Ambiri amakhala zaka ali m'nyumba, osapita kumsika, kumzikiti kapena kutchalitchi. Ngati mukudziwa wina wotere, mulimbikitseni ndipo mumuperekeze. Kupewa kwake n'kodziwika: kuberekera kuchipatala, kupita kuchidikiro masiku akayandikira, ndi kusakwatitsa ana. Kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti chiuno cha mtsikana wamng'ono sichinakhwime kuti chibereke. Dziko lonse lapansi limakumbukira nkhondo yolimbana ndi fistula pa 23 Meyi chaka chilichonse.

Kukonzekera ulendo

Dzulo la ulendo imwani madzi okwanira ndipo idyani masamba ndi zipatso, chifukwa matumbo odzimbidwa amapanikiza chikhodzodzo. M'mawa imwani kapu imodzi kapena awiri a madzi kukadali ola limodzi kapena awiri musananyamuke, kuti mupeze mpata wotaya madzi muli pakhomo. Tiyi wa masamba ambiri ndi zakumwa za gasi zisungeni mpaka mutafika. Panjira tengani botolo lanu la madzi otetezedwa ndipo muzimwa pang'onopang'ono. Madzi omwa mwakamodzi botolo lonse ndi amene amadzaza chikhodzodzo msanga.

Musanakwere, pitani kuchimbudzi ndipo musafulumire. Khalani kapena njutani bwinobwino, weramirani kutsogolo pang'ono, ndipo mukamaliza dikirani kamphindi n'kuyesanso, kuti chikhodzodzo chikhuthuke chonse. Kukodza mutaimirira theka poopa uve wa pachimbudzi kumaumitsa minofu, mkodzo wina n'kutsalira. Podzipukuta kapena podzitsuka ndi madzi, yambirani kutsogolo kupita kumbuyo, osati kubwerera, ndipo sambani m'manja ndi sopo.

Dziwani njira yanu. Pamalo pamene mumasinthira galimoto, monga pa Ntaja, pa Liwonde kapena pa depoti ya Balaka, funsani amayi ogulitsa malonda kumene kuli chimbudzi, ndipo pitani musanakhale pampando wa galimoto yotsatira, osadikira kuti mupanikizike. Sungani padera ndalama yaing'ono ya chimbudzi cholipira. M'chikwama musasowe chitenje chapadera, kabudula wamkati wosinthira, kachidutswa ka sopo, mapadi kapena nsalu yoyera, ndi jumbo yoikamo zonyowa. Amene mkodzo umawathawa asinthe nsalu ikangonyowa, chifukwa mkodzo umasupula khungu. Ngati n'kotheka pemphani mpando wa pafupi ndi khomo.

Kupanikizika kukakupezani galimoto ili pa liwiro, musatekeseke, pakuti mantha amachititsa chikhodzodzo kufinya kwambiri. Khalani phee, finyani minofu ya kumusi ija mofulumira kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, pumani mozama, ndipo tembenuzirani maganizo kwina, monga kuwerengera phindu la malonda anu. Kupanikizika kumabwera ngati funde: kumakwera, n'kutsika. Kukatsika mwapeza mphindi zingapo, ndipo mphindi zimenezo n'zoti mulankhule ndi kondakitala. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mawu akuti "Achimwene, pamalo abwino mutiimikireko pang'ono" sanachotsepo ulemu wa munthu, ndipo kawirikawiri amayi ena atatu m'galimotomo amakhala akudikira kuti wina ayambe.

Ngati mwakakamizika kutsikira patchire, musapite nokha, makamaka usiku. Pitani awiri, wina atchinge ndi chitenje. Talikirani mtsinje, dambo, chitsime ndi mjigo.

Mawu kwa abambo, madalaivala ndi a kabaza

Inu amene mumanyamula anthu, dziwani kuti mayi akafika popempha kuti muime, wapirira kale nthawi yaitali. Kumuseka, kumufunsa mokweza kapena kumuyankha kuti "tatsala pang'ono" pamene kwatsala ola lathunthu, ndi nkhanza. Woyembekezera amataya madzi pafupipafupi chifukwa mwana amatsamira chikhodzodzo. Wokalamba sangathe kudikira ngati mtsikana. Dalaivala wanzeru amasankhiratu malo amodzi oimapo pamene pali chimbudzi, n'kulengeza yekha asanapemphedwe. Mphindi zisanu sizinagwetsepo bizinesi. Ndipo inu abambo m'nyumba, mkazi wanu akadandaula za mkodzo wowotcha kapena wothawa, yankho ndi ndalama ya ulendo wa kuchipatala, osati kumukayikira.

Chimbudzi cha pamsika ndi chitukuko

Malangizo onsewa ali ndi malire. Mayi sangakonze ulendo wake bwino ngati pamsika, padoko, pasiteji ndi pasiteshoni palibe poti alowe. Apa nkhaniyi yachoka kuchipatala, yafika pa tebulo la makomiti a chitukuko.

Sitinaiwale kuti mliri wa kolera umene unasautsa dziko lonse mu 2022 ndi 2023 unayamba kuonekera m'boma la Machinga m'mwezi wa Malichi 2022, ndiponso kuti namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anagwetsa zimbudzi zambiri m'chigawo cha kummwera. Chimbudzi chimene chimateteza chikhodzodzo cha mayi ndi chomwecho chimene chimatchinga kolera ndi likodzo. Ndalama imodzi ikugwira ntchito zitatu. Mayiko a dziko lapansi, kuphatikizapo Malawi, analonjeza kuti pofika 2030 aliyense adzakhale ndi chimbudzi choyenera, ndipo lonjezolo linatchula mwapadera zosowa za amayi ndi atsikana.

Koma si nyumba iliyonse yokhala ndi dzenje imene mayi angalowe. Chimbudzi cha pagulu choyenera amayi chikhale ndi khomo lakelake losayang'anizana ndi la abambo, chitseko chotsekeka ndi loko wa m'kati, madzi odzitsukira ndi osamba m'manja, kuwala madzulo, ndi potayira mapadi. Zipinda za amayi zichuluke kuposa za abambo, popeza mayi amatenga nthawi yotalikirapo, ndipo kawirikawiri amakhala ndi mwana kumsana. Chipinda chimodzi chikhale chotakata, chopanda masitepe, chokhala ndi pogwira, kuti okalamba, oyembekezera ndi aulumali athandizike. M'mbali mwa nyanja, momwe dothi ndi lamchenga ndipo madzi ali pafupi, dzenje limangidwe ndi njerwa, likwezedwe pamwamba, ndipo litalikire chitsime kapena mjigo ndi mamita osachepera 30. Koposa zonse, pakhale wosamalira. Chimbudzi chokongola chokhoma ndi loko, kiyi ali ndi munthu amene wapita kumunda, n'chimodzimodzi ndi kusakhalapo.

Njira yopemphera chitukuko chotere mukuidziwa. Imayambira ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, VDC, kumene zosowa za anthu zimalembedwa m'ndondomeko ya mudzi. Kuchoka apo imapita ku ADC ya kwa mfumu yaikulu, kenaka ku khonsolo, kumene imatha kulowa m'ndondomeko ya chitukuko cha boma n'kupeza ndalama kuchokera ku thumba monga la CDF kapena ku ziphaso za pamsika. Chimene sichinalembedwe pansi sichipatsidwa ndalama. Zimbudzi za pamsika zimatsalira m'mbuyo mwa milatho ndi midadada ya sukulu osati chifukwa n'zosafunika, koma chifukwa amene akuzisowa kwambiri amachita manyazi kuzitchula pamaso pa mafumu ndi apongozi. Amayi a m'makomiti, a m'mabanki a m'mudzi ndi a m'magulu a malonda a nsomba, gwirizanani musanapite kumsonkhano, musankhe wokuyankhulirani, ndipo muonetsetse kuti mlembi walemba. Amene mumadula chiphaso tsiku lililonse la msika muli ndi ufulu wofunsa komiti ya msika ndi khansala wanu kuti chimbudzi chili pati pa ndondomeko ya ndalamazo.

Anthu a ku Chiuta si achilendo pa kudzikonzera zinthu. M'zaka za m'ma 1990, makoka a nkacha atayamba kuwononga nsomba ndi kudetsa madzi, asodzi a m'nyanjayi sanadikire wina wochokera kutali. Anapanga okha makomiti a m'madoko n'kuletsa makokawo, ndipo mbiri yawo imaphunziridwa mpaka kunja kwa dziko lino. Makomiti omwewo, amene amatha kuteteza makumba m'madzi, angathenso kugwirizana kuti doko lililonse likhale ndi chimbudzi chosamalidwa cha amayi amene amagula makumbawo.

Kumene mungapeze thandizo

Ngati mkodzo ukuwotcha, uli ndi magazi, ukuthawa wokha, kapena mukudzuka kangapo usiku uliwonse, lankhulani ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena pitani kuchipatala chapafupi. Mukhoza kupempha kuti muonane ndi namwino wamkazi ngati alipo. Amene mukufuna kuyamba mwafunsa muli panokha, imbani kwaulere ku Chipatala Cha Pa Foni. Ntchito imeneyi inayambira konkuno, m'boma la Balaka, mu 2011, isanafalikire dziko lonse.

Pa 19 Novembala ndi tsiku lokumbukira zimbudzi padziko lonse, ndipo limafika pamene kutentha kuli pachimake, mvula ili pafupi. Ndi nthawi yabwino yoti komiti iliyonse ya msika ndi ya doko iyendere chimbudzi chake pamodzi ndi amayi amene amachigwiritsa ntchito, iwone chitseko, madzi ndi dzenje, n'kukapereka lipoti ku VDC mvula isanagwe. Ndipo inu mayi amene mawa muli ndi ulendo wa ku Liwonde, imwani madzi anu m'mawa, tengani botolo lina m'chikwama, ndipo mukafuna kutsika, nenani.